A Muhiwa ndi Chitseko cha Mlombwa

Tsiku limene tinaika a Muhiwa, mu Ogasiti chaka chathachi, ine ndinali mmodzi wa amuna onyamula bokosi kulowa nalo m'tchalitchi. Amayi ankalira, akwaya ankaimba, ndipo mkulu wa mpingo atangokankha ndi zala ziwiri, mbali zonse ziwiri za chitseko zinatseguka popanda kulira ngakhale pang'ono. Ndiulule lero. Podutsa pakhomo paja maso anga sanali pa bokosi. Anali m'mphepete mwa chitseko, mbali ya kumanja, kufunafuna pamene malemuwo analumikiza thabwa. Ndakhala ndikupafuna zaka zisanu, Lamulungu lililonse, ndipo ngakhale pa maliro awo sindinapapeze. Anthu ataona nkhope yanga ili ndwii anati a Lameki imfayi yawakhudza zedi. Inandikhudzadi, koma theka lake inali nsanje.

Ine ndine kalipentala pano pa Chiringa, ndipo a Muhiwa analinso kalipentala. Shedi yanga ili m'mbali mwa msewu penipeni, yawo ili kumunsi kwa msika, kumene munthu umafika utadetsa nsapato. Koma kwa zaka makumi awiri anthu akhala akudutsa pakhomo panga, matabwa ali pa njinga, n'kundipatsa moni wabwinobwino, n'kutsetsereka nawo kumunsi. Ine ankandibweretsera mabenchi, mabedi ndi timatebulo togulitsirapo tomato. Zitseko zinali za a Muhiwa. Zimenezo zinkandiwawa, koma chimene chinkandidya kwenikweni chinali china. Ndinkafuna kuti tsiku limodzi lokha anditchule kuti mmisiri. Mawu amenewo ankawaumira. Ine ndinawamva akuwagwiritsa ntchito pa anthu awiri okha: mkulu amene anawaphunzitsa ntchito kutsidya ku Mozambiki ali mnyamata, ndi wosema mabwato wina wa ku Chilwa amene anamwalira kalekale. Enafe tonse ankatitchula okhoma misomali.

Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, khutu lakumanzere logontha. M'thumba la malaya awo simunkasowa khala, moti mayi Muhiwa anatopa n'kuchapa, n'kungowasokera kathumba kena kakuda mkati mwake. Puleni yawo yopalira matabwa ankaikulunga m'chitenje chakale n'kuimangirira kumbuyo kwa njinga, ndipo palibe amene ankaloledwa kuigwira. Chichewa ankalankhula ndi anthu. Chilomwe ankachisungira matabwa, makamaka akamawatukwana.

Munthu akawaitana kuti chitseko chikukakamira, sankathamangira kumasula chitenje chija. Ankayamba ndi mafunso ngati a kuchipatala. Chayamba liti? Mvula itagwa kapena isanagwe? Ana amakwerapo? Kenako ankachitsegula ndi kuchitseka kangapo, khutu labwino lija atagunditsa pa thabwa. Akatero ankapaka khala m'mphepete mwa felemu, n'kutseka, n'kutsegulanso. Pamene padetsedwa ndi pomwepo pokha pamene ankapala, kamodzi kapena kawiri, n'kuyesanso. Nthawi zambiri sankapala n'komwe. Ankangolimbitsa mahinjesi, kapena kumuuza mwini nyumba kuti apirire mpaka mvula ithe. Ena ankakwiya kuti madala abwera mtunda wonsewu kudzangodetsa chitseko. Iwo ankawafotokozera kuti thabwa limamwa madzi m'dzinja n'kufufuma, m'chilimwe n'kubwerera mwakale, ndiye chimene wachotsa mu Febuluwale udzachilira mu Okutobala, pakuti puleni imadziwa kutenga koma sidziwa kubweza. Ankakondanso kunena kuti mwendo ukatupa suudula kuti ulowe mu nsapato. Chitseko cha shedi yawo yomwe chinkakana kutsekeka Januwale aliyense, ndipo ankangochisiya chili pululu mpaka nyengo isinthe.

Ngati ine ndili ndi nsanje, dziwani kuti ndinali ndi mphunzitsi wabwino. Sindinaonepo mwamuna wochitira nsanje mkazi wake mmene a Muhiwa ankachitira ndi zitseko zawo. Kwa iwo chitseko sichinkasiya kukhala chawo chifukwa choti chalowa m'nyumba ya wina. Mvula yoyamba ikangogwa ankakwera njinga kukazonda zitseko, m'midzi yonseyi, nthawi zina mpaka ku Jenala, osaitanidwa ndi munthu. Ankafika pakhomo, moni wachidule, maso ali kale pa mahinjesi.

Chaka china anapeza mphunzitsi wina wochokera kuchigawo chapakati atakhoma msomali waukulu pakati pa chitseko cha mbawa, n'kupachikapo kalendala. Ine ndinali pomwepo ndikukonza madesiki, ndiye ndinamva zonse.

"Aphunzitsi, khoma lonseli simunalione?"

"Koma madala, m'nyumba muno ndikukhalamo ndine."

"Mukukhalamo inu, eya. Mawa akakusamutsani mupita kwanu. Ichi chitsala, chitsala ndi bala lanu."

Anazula msomali uja okha, n'kusema kamtengo kotsekera bowolo, kenako n'kukhoma msomaliwo pakhoma, n'kupachikapo kalendala ija mowongoka bwinobwino. Mpaka mphunzitsiyo anasamuka, a Muhiwa sanamuyankhenso moni.

Anali ndi chizolowezi china chimene tonse tinkachiseka. Chitseko chilichonse chimene apanga, ankasunga kachidutswa ka thabwa lomwelo n'kukasomeka kudenga kwa shedi, pakati pa phaso ndi malata. Sukulu sanapite nayo patali, ndiye m'malo molemba mayina ankajambulapo ndi khala: apa kansomba, apo kanjinga, pena mizere itatu. Mayi Muhiwa ankadandaula dzinja lililonse kuti nkhuni zouma zili pamutu pawo pomwepa koma iwo akuphika ndi zitsononkho. Ine pa bawo ndinkati madala ayamba kusunga zinyalala, ukalamba wafika. Anthu ankaseka, ndipo ine ndinkakondwa kuti aseka.

Ndiyeno mlamu wanga anabwera kuchokera ku Joni n'kundipatsa kamakina. Kanali kogwira m'dzanja limodzi, kukula kwake ngati tochi, koyendera batire, ndi timitu tosinthasintha: kena koboolera, kena kosalazira, kena kodulira. Kamutu kamene kananditenga mtima kanali kopalira zitseko. Umakamangirira kutsogolo, n'kukakhazika m'mphepete mwa chitseko, n'kuyendetsa. Kampeni kozungulira mkati kamachotsa thabwa lopyapyala ngati chikhadabo ulendo uliwonse, ndipo chitsekocho suchita kuchichotsa pa mahinjesi. Ntchito imene a Muhiwa ankathera m'mawa wonse, ine ndinkaimaliza madzi a tiyi asanawire. Ndinati tsopano nthawi yanga yakwana.

Tsiku lina ndikupala chitseko cha golosale pamsika, anthu atandiunjirira, ndinangoona a Muhiwa aima kumbuyo ndi njinga yawo. Anadikira kuti ndizimitse. Anawerama, n'kutapa utuchi pansi, n'kuupekesa ndi zala.

"Puleni ikamadya thabwa imatulutsa zopala zopindikapindika, umaona nazo kuti thabwa likufuna kupita kuti. Nanga ufawu ukuuzani chiyani?"

"Ukundiuza kuti ntchito yatha, madala."

"Tabweretsani ndione."

Anakagwira, n'kukatembenuza uku ndi uku, n'kukayeza kulemera m'dzanja. Anakagwira nthawi yaitali kuposa mmene munthu wonyoza amagwirira chinthu, ndipo ine ndikhulupirira mpaka lero kuti anakasirira. Koma pobweza anangoti, "Kulira ngati bemberezi, kutulutsa ufa ngati bemberezi. Chabwino, a Bemberezi, pitirizani." Msika wonse unaseka. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linasintha, mpaka ana anga kusukulu ankawatchula ana a Bemberezi.

Chitseko cha kutchalitchi kwathu a Muhiwa anachipanga ine ndisanamere ndevu. Ndi cha mlombwa, chachitali, chotsegukira mbali ziwiri, ndipo pa zitseko zawo zonse chimenechi ndiye chinali mwana wachisamba. Lamulungu ankabwera molawirira kudzachipukuta, ndipo pa mapemphero ankakhala benchi yakumbuyo kuti aziona amene akuchimenyetsa.

Chaka chimene ndinalandira kamakina kaja mvula inagwa yosalekeza, ndipo a Muhiwa anagonekedwa kuchipatala ndi chibayo. Mbali ya kumanja ya chitseko chija inafufuma moti kutsegula kunali kochita kumenya ndi phewa. Loweruka kunali ukwati wa mwana wamkazi wa mkulu wa mpingo. Lachisanu m'mawa mkuluyo anafika pa shedi yanga.

"A Lameki, mkwatibwi sangalowe chammbali ngati wakuba. Tabwerani ndi kanthu kanu kaja."

Ndinadziwa kuti ndi chitseko cha yani. Ndinadziwanso chimene ndinayenera kuchita, pakuti njira ya khala ija ndinali nditaionera kwa zaka zambiri, ndipo makala anali pomwepo, amayi ankaphikira zaukwati kuseri kwa tchalitchi. Koma akwaya anali akuyeserera nyimbo, amayi akusesa, onse maso ali pa ine. Ndikanatola khala akanati taonani, akutsanzira a Muhiwa. Ndinasankha kuti aone za ine. Mahinjesi sindinawayang'ane n'komwe.

Ndinayatsa kamakina, n'kukayendetsa kuchokera pamwamba mpaka pansi. Utuchi wofiirira unagwa, fungo la mlombwa n'kudzaza pakhonde. Nditayendetsa katatu chitseko chinatsekeka, ngakhale chinkakhudzabe pang'ono. Amayi anaimba nthungululu. Pamenepo ndiye ndikanalekera. Koma nthungululu imakoma, ndipo kamakinako kamachotsa pang'onopang'ono moti umaona ngati sukuchotsa kanthu. Ndinkafuna chizitsekeka ngati chitseko cha galimoto, kuti mwiniwake akabwera asowe chonena. Ndinabwereza, n'kubwerezanso, mpaka batire linatha. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ukwati unayenda bwino, mkwatibwi analowa ndi diresi lake lonse, ndipo pa madyerero mkulu wa mpingo ananditchula dzina pamaso pa anthu.

A Muhiwa anabwera kutchalitchi mu Malichi, ataonda, akuyendera ndodo. Ndinawaona ataima pakhomo. Anayendetsa chala m'mphepete muja kuchokera pamene dzanja lawo linafika mpaka pansi, n'kuyang'ana hinjesi yapamwamba, n'kukakhala pa benchi yawo. Ndinkayembekeza kuti mapemphero akatha kugwa bomba. Potuluka anandipeza pansi pa mtengo wa mango.

"A Bemberezi, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu madala? Thupi likupeza bwanji?"

"Likupeza. Tionana mu Okutobala."

Anatembenuka n'kumapita ndi ndodo yawo. Miyezi yotsatirayo ndinkalowa m'tchalitchi ngati munthu wokaona chilonda chake. Mu Juni panaoneka kamzere ka kuwala pakati pa mbali ziwirizo. Mu Ogasiti ana ankalowetsamo zala. Pofika Okutobala loko anasiya kugwira, mpata utakula moti kalilime kake sikankafikanso mbali inayo. Tsiku lina masana kunawomba chimphepo kuchokera kuphiri la Michesi, chitseko n'kutseguka chokha, mbuzi za m'mudzi n'kulowa. Kumbuyo kwa tchalitchi kunali matumba a nandolo ndi chimanga, zopereka za masika za mpingo wonse. Zimene zinasiya mbuzizo sindifuna kuzifotokoza.

Akuluakulu a mpingo anandiitana pansi pa mtengo wa mango womwe uja. Mkulu amene anabwera kudzanditenga Lachisanu lija ndi amene anayamba kufunsa kuti anandituma ndani kuti ndichotse thabwa lochuluka chonchija. Ndinadziwa kuti zanga zada. Pa Chiringa mbiri imayenda pa njinga, ndipo palibe amene akanandipatsanso ngakhale chitseko cha khola. Ndili chiweramire, mutu pansi, tinamva ndodo ikugogoda. A Muhiwa sanaitanidwe, koma anafika n'kukhala pa muzu.

"Mukuweruza za chitseko, mwini chitseko kulibe?"

"Madala, nkhaniyi ndi ya amene anachipala."

"Chitsekocho anapanga ndani?"

"Inu."

"Ndiye mlandu ndi wanga. Hinjesi yapamwamba inayamba kugwedera ndisanadwale, ndinaiona, ndinati ndibwera mawa. Ndikanaimanga sichikanakakamira chonchija, ndipo simukanaitana munthu. Ndipatseni masiku atatu. Awa asiyeni azipita, alibe nawo mbali."

Tsiku lomwelo anachotsa mbali ya kumanja ija, anyamata n'kuwanyamulira kumunsi. Kwa masiku atatu shedi yawo inali yotseka, chinthu chimene sichinachitikepo, ndipo ine ndinadutsa kumeneko kanayi ngati ndikupita kokagula matemba. Ndinkangomva puleni ikuyenda pang'onopang'ono, ndi Chilomwe chapansipansi. Lamulungu chitseko chinali pamalo pake, mbali ziwiri zikukumana ngati milomo. Anali atatsitsa kachidutswa ka mlombwa kamene kanakhala kudenga zaka zoposa makumi atatu, ka thabwa lomwe lija, n'kuchekako timizere, n'kutilumikiza m'mphepete monse. Mtundu unali umodzi, mizere ya thabwa n'kumayenderana. Zinyalala zija ndinkaseka pa bawo.

Anthu ankati a Muhiwa ndi munthu wa Mulungu, apulumutsa mnzawo. Inenso ndinakhulupirira, moti Lolemba ndinatsetsereka kumunsi ndi nkhuku m'manja.

"Madala, ndabwera kudzathokoza."

"Kuthokoza chiyani?"

"Munandiombola pa bwalo paja."

Anaika puleni pansi, chammbali monga ankachitira nthawi zonse kuti mpeni usakhudze benchi, n'kunditembenuzira khutu labwino.

"Inu? Ine ndimaombola chitseko. Akanakuweruzani, mpaka zidzukulu zikanamati chitseko chija anawononga a Lameki. Dzina lanu likanakhala pamenepo mpaka kalekale. Pa chitseko changa sipakhala dzina la munthu wina, kaya ndi labwino kaya ndi loipa."

Ndinaima ndi nkhuku yanga ngati chitsiru. Munthu ameneyu anandimana ngakhale mlandu wanga womwe. Mtima unandiwawa kuposa mmene ukanawawira akuluakulu aja akanandichititsa manyazi. Koma ukalipentala ndi matenda, ndiye ndinafunsabe.

"Nanga mwalumikiza pati? Ndayang'ana dzulo lonse."

"Mmisiri akanaona."

Nkhuku analandira. Anati mayi Muhiwa aikonda.

Ndi chifukwa chake ndakhala ndikusisita chitseko chija zaka zonsezi, mpaka ena amaganiza kuti ndi mtundu wa pemphero. Ndapita m'mawa dzuwa likuwomba chammbali, ndapita ndi magalasi a m'maso a agogo anga, ndayendetsapo chikhadabo. Ndikudziwa bwino mbali imene ndinapala, ndikudziwa kuti mzerewo uyenera kukhala pafupifupi chala chimodzi kuchokera m'mphepete, koma diso langa silikuupeza. Ndinkati tsiku limene ndidzaupeze ndidzapita kumunsi, ndidzawagwira dzanja mpaka pakhomo la tchalitchi, ndidzaloza, ndipo adzanena mawu aja afune asafune. Iwo ankadziwa. Akandipeza pamenepo ankangodutsa, n'kufunsa ngati ndataya singano.

Sabata yathayi mayi Muhiwa ananditumizira uthenga kuti ndipite. Mvula yagwa masiku asanu ndi limodzi osapuma, ndipo chitseko cha kutchalitchi chayamba kukhula pansi pang'ono. Ndinawapeza atakhala pakhonde akusankha nandolo. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kathabwa kofiirira, kotalika ngati mkono, kojambulidwa mtanda ndi khala, mbali imodzi kochekedwa.

"Abambo anu aja anasiya mawu. Anati cha kutchalitchi chikadzayamba kukakamira, musadzaitane wina aliyense, mudzapatse a Bemberezi. Anati amene anachilasa ndi amene angachiope."

"Sananene china?"

"Anati kachiwiya kanu kolira kaja mudzakasiye kunyumba."

"Ayi mayi, ndikunena dzina. Sananditchule mwina?"

Anandiyang'ana, n'kuseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje.

"Anati a Bemberezi basi, mwanangu. Anachita kubwereza kawiri kuti ndisaiwale."

Kenako anati ngati ndikufuna kuona mu shedi ndipite, n'kosatseka.

Benchi yawo ikadali pakati, yonyezimira m'mbali mmene ankatsamiramo mimba. Puleni ili pamwamba pake, yokulungidwa m'chitenje chake, ndipo ngakhale panalibe wondiona, sindinaigwire. Njinga yatsamira khoma, matayala onse aphwa. Pansi palibe zopala ngakhale chimodzi, mayi anasesa, ndipo shedi ya kalipentala ikakhala yoyera choncho imaoneka ngati ya munthu wina. Kudenga tizidutswa tija tikadali mbwee, kansomba, kanjinga, mizere itatu, kambalame, zitseko za m'midzi yonseyi, ndipo amene ankadziwa kuti aka n'ka nyumba iti anapita nazo m'mutu. Mayi akuti nkhuni zikanyowa ayamba kutsitsa. Mu phaso lina bemberezi weniweni waboola nyumba yake, akulira mopanda mantha, ufa wake ukugwera pa benchi pomwe, popanda womuthamangitsa.

Ndinaima nthawi yaitali kathabwa kali m'khwapa, ndikudikira ngati wina andifunse chimene ndikufuna mu shedi ya eni. Mzere uja ndikadzaupeza, ndidzauloza kwa yani? Pazenera panali makala atatu m'kachitini. Ndinatola limodzi n'kuika m'thumba la malaya. Potuluka ndinakoka chitseko. Chinakana, monga chimachitira Januwale aliyense, ndipo ndinachisiya chili pululu.